Madzi Saiwala Khwawa: Chonde cha Kumadzulo kwa Lilongwe ndi Nyanja Imene Imachilandira

Dziko la kumadzulo ndi kumpoto kwa Lilongwe, kuyambira ku Mpingu ndi Namitete kufikira ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, ndi dziko la khasu, ndipo mwa ana ake alipo ambiri amene adabadwa, nakula, nakalamba osaionako nyanja ndi maso; komabe mvula yogwa pa mizere yawo, ikapanda kumwedwa ndi nthaka kapena kuuma ndi dzuwa, ilibe njira ina koma ya kunyanja komweko. Madzi a mbali ya Namitete ndi a madambo ambiri a kumpoto amasonkhana mu Bua, mtsinje umene umapyola nkhalango ya Nkhotakota nukathira m'nyanja kumpoto kwa boma la Nkhotakota; a mbali ya Mpingu amatsikira mu Lingadzi ndi Lilongwe, nalowa mu Linthipe, nakafika m'nyanja ku Salima, moyang'anana ndi zilumba za Maleri. Madziwo sayenda manjamanja. Amasenza chonde cha m'minda, ndipo mbiri ya dziko lino m'zaka zana zapitazi ndiyo mbiri ya katundu ameneyu, mmene adakulira, ndi zimene amachita akafika kumene apita.

Tiyambe ndi nyanja yomweyo, pakuti sitingazindikire chimene chimaiwononga tisanadziwe chimene chimaidyetsa. Nyanja ili ngati munda, ndipo mbewu zake ndi ndere zazing'ono zosaoneka ndi maso, zoyandama m'madzi a pamwamba momwe kuwala kwa dzuwa kumafika. Nderezi zimafuna michere yomweyo imene chimanga chimafuna, makamaka nayitrojeni ndi fosifolasi, zimene mlimi aliyense wa ku Nsaru adazigulapo, popeza ndizo zimene manambala a pa thumba la feteleza wa 23:21 amanena. Tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi timadya ndere. Usipa ndi mphutsi za nkhungu zimadya tizilomboto. Chambo chimadya ndere zenizenizo. Ndipo mcheni, kampango ndi mpasa zimadya tinsomba. Motero usipa wouma umene mayi amagula pa tsiku la msika ku Kabudula udayamba ngati michere yosungunuka m'madzi, ndipo pamene michere ichepa ndere zimachepa, pamene ndere zichepa ukonde umatuluka wopepuka. Alimi a nsomba a m'mayiwe amachidziwa bwino chinthu chimenechi, chifukwa amathira ndowe ndi zitosi za nkhuku m'dziwe kufikira madzi atabiriwira, podziwa kuti makumba sanenepa m'madzi oyera mbee.

Nyanja za dziko lathu sizidalandire mphatso imeneyi mofanana. Chilwa ndi yosaya, ya matope, yopanda mtsinje wotulukamo, ndipo mphepo iliyonse imavundula pansi pake nkukweza michere. N'chifukwa chake, ngakhale idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, madzi atabwerera matemba ndi milamba zidabwerera msanga, ndipo m'zaka zabwino nyanja yaing'onoyo idadyetsa gawo lalikulu la dziko. Nyanja ya Malawi njosiyana. Kuya kwake kumafika mamita 700, ndipo popeza madzi ofunda a pamwamba ngopepuka kuposa ozizira a pansi, awiriwa sasakanizika kwathunthu. Kunsi kwa mamita 250 kulibe mpweya umene nsomba ingapume, ndipo zonse zimene zimafa pamwamba zimamira, nkuola, nkusiya michere yake mumdima umene mulibe chomera choti nkuigwiritsa ntchito. Chuma cha nyanjayi chili pansi, pamene pamwamba pali madzi oyera amene munthu amaona mwala uli kutali kunsi kwa bwato. Ndipo m'madzi oyera amenewa ndimo mudabadwira mitundu ya nsomba mazanamazana, yochuluka kuposa ya nyanja ina iliyonse pa dziko lapansi.

Koma Namalenga sadaisiye nyanjayi yopanda wopereka chakudya. M'miyezi yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kapena Seputembala, mwera umaomba kuchokera kummwera nukankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto, ndipo pamalo pake, ku mathero a kummwera kwa nyanja, pamakwera madzi ozizira a pansi atasenza michere yawo. Apa ndiye pagona chifukwa chimene mbali ya Mangochi, yomwe ilinso yosaya kwambiri, idakhala kwawo kwa chambo ndi dera la usodzi wochuluka kuyambira kale. Mphepo yomwe asodzi amaiopa, imene imawakhalitsa padooko masiku angapo, ndiyo imene imawakonzera nsomba za miyezi yakutsogolo. Kudya kwa nyanjayi kudali kwa muyeso: pang'ono kuchokera pansi m'nyengo ya mwera, pang'ono kuchokera m'mitsinje m'nyengo ya dzinja, pang'ono kuchokera mumlengalenga pamodzi ndi mvula ndi fumbi. Tisaiwalenso kuti Shire, mtsinje wokhawo wotuluka m'nyanjayi, umatenga gawo laling'ono chabe la madzi ake, pamene ochuluka amauluka ndi dzuwa nasiya m'mbuyo zonse zimene adabwera nazo; kotero chimene chalowa m'nyanja ya Malawi chimakhalamo mibadwo yambiri.

Tsono tibwerere kumtunda, tione mmene makolo adachitira ndi gawo lawo la muyesowo. Mapiri a Dzalanyama, kumene kuli Kaphirintiwa amene Achewa amati ndipo padatsikira anthu oyamba, ndi m'munsi mwake momwe mudali kachisi wa mvula wa ku Msinja ndi Makewana wake, ndiwo gwero la Lilongwe, Likuni ndi Diamphwe. Ndipo chigwa chonse chofalikira kuchokera kumeneko chidali cha mitengo ya msuku, mombo ndi tsamba, chodukizadukiza ndi madambo. Munthu ankatema mphanje, natentha nthambi kuti phulusa lidyetse mbewu, nalima m'matutu mapira, chimanga, maungu ndi nyemba pamodzi; nthaka ikatopa ankaisiya tsala, ndipo thengo linkabwerera kudzabweza chimene mbewu zidachotsa. Sitikunena kuti onse adali osamala, pakuti moto wa uzimba unkatentha tchire chaka ndi chaka ndipo alipo amene ankathira katupe m'mayiwe kuti aphe nsomba zonse pamodzi. Koma anthu adali ochepa, dziko lidali lalikulu, ndipo bala lililonse linkapola lisanatseguke lina.

Mlonda wamkulu wa nyanja m'masiku amenewo, ngakhale palibe adamutchula choncho, adali dambo. Madzi otsika m'minda akafika mu udzu wothithikana, mu bango ndi mu mlulu, ankataya liwiro lawo. Dothi linkakhazikika, mizu inkamwa michere, ndipo chimene chinkatuluka ku mathero a dambo chidali madzi osefeka, oyenda pang'onopang'ono mpaka m'chilimwe. M'madambomo ng'ombe zinkadya msipu, amayi ankatunga pa zitsime zosaphwa, anyamata ankatchera mono wa matemba ndi milamba, ndipo madimba adalipo koma adali timagawo m'mphepete. Mitsinje yosefeka motere ndiyo imene mpasa, sanjika ndi ntchila zinkakwera kuchokera kunyanja kudzaswana, chifukwa mpasa imaikira mazira pa timiyala toyera ta pansi pa mtsinje, pamene madzi amayenda nauluzira mazirawo mpweya.

Kusintha kudadza ndi fodya. M'chaka cha 1920 azungu awiri, A.F. Barron ndi R.W. Wallace, adatsegula minda ya fodya m'boma la Lilongwe, Barron nakhazikika ku Mbabzi, ndipo posakhalitsa adayamba kugawira anthu a m'midzi mbewu ndi malangizo nkumagula fodya wawo. Anthu, amene msonkho udali utawakhalira pakhosi ndipo njira ina yopezera ndalama idali ya ku Joni kapena ku Halale, adaulandira ulimiwu ndi manja awiri, kotero kuti pofika 1926 boma lidakhazikitsa Native Tobacco Board kuti liuyang'anire. Fodya wa chigawo chino adali wofukiza ndi utsi, ndipo aliyense womulima ankafuna nkhalango kawiri: poyamba malo atsopano obzalapo, kenaka nkhuni ndi milimo ya chigafa. Nkhalango ya Dzalanyama idatetezedwa ndi lamulo mu 1922, koma mitengo ya pachigwa idalibe woiikira kumbuyo. Idagwa mudzi ndi mudzi, kufikira lero lino, pamene mlendo akaona kankhalango pakati pa minda ya ku Nambuma amadziwiratu kuti pamenepo ndi pamanda.

Atsamunda adaona zigwembe zikutseguka ndi mitsinje ikufiira, nachita mantha. Adaletsa matutu nalamula mizere yopingasa mtsetse ndi milambala. Lamulo la zachilengedwe la 1946 lidapatsa mphamvu alangizi ndi makhoti a mafumu, ndipo itapita njala ya 1949, Bwanamkubwa Geoffrey Colby adalimbitsa dzanja koposa. Iyi ndiyo nyengo imene okalamba amaikumbukira ndi dzina lakuti malimidwe, pamene munthu ankalipitsidwa chindapusa, kuzuliridwa mbewu, ngakhale kutsekeredwa kumene chifukwa cha mzere wokhota. Nzeru yake sidali yoipa, ndipo siteshoni ya zofufuza za ulimi ya ku Chitedze, imene idatsegulidwa mu 1948 pafupi ndi Mpingu, idaphunzira zambiri za nthaka yofiira ya chigwa chino. Koma chinthu chokoma chikadza ndi unyolo chimasanduka chowawa. Malimidwe adakhala imodzi mwa nkhuni zimene zidakoleza moto wa ufulu, ndipo ufulu utayandikira malamulowo adagwa. Mizere idatsala, pakuti alimi adaiona ubwino wake. Koma kwa zaka zambiri mawu akuti kuteteza nthaka adamveka m'makutu mwa anthu ngati mawu a kapitawo.

Boma la Malawi lidabwera ndi njira ina. Mu 1968 lidayambitsa chitukuko chachikulu cha Lilongwe Land Development Programme ndi ngongole ya World Bank, ndipo dera lake lidali lomwe lino la kumadzulo ndi kumpoto kwa boma la Lilongwe. Adalambula misewu, nakumba mijigo, namanga misika, nakumba ngalande zopatutsa madzi, nalembetsa malo a mabanja m'kaundula wa ndunda, napereka feteleza ndi mbewu ya chimanga chamakono pangongole. Kuyambira pamenepo feteleza adalowa m'moyo wa mudzi kufikira adakhala nkhani ya pamaliro ndi pachisankho pomwe, makamaka makuponi a feteleza atayamba mu 2005. Sikuti alimi adamukonda chabe, koma nthaka idali itasiya kubereka yokha: anthu a dziko la Malawi, amene adali pafupifupi 4 miliyoni pa kalembera wa 1966, adapitirira 17 miliyoni pa wa 2018, ndipo Lilongwe wa kumidzi yekha adali ndi oposa 1.6 miliyoni. Tsala lidatha chifukwa padalibenso malo ogoneka. Chimanga chidatsata chimanga pa munda womwewo. Madimba a tomato, kabichi ndi mbatata adalowa mpaka pakati pa dambo ndi pagombe penipeni pa mtsinje. Ndipo makala a ku Dzalanyama adayamba kutsika pa njinga kukaphikira mzinda wa Lilongwe, umene udakhala likulu mu 1975.

Chimene chimachitika mvula yoyamba ikagwa pa dziko lovulidwa chotere n'chosavuta kuchimvetsa. Fosifolasi amamatirira ku tinthu tosalala ta dothi lofiira, kotero kuti kumene dothi lipita iyenso apita. Nayitrojeni amasungunuka natsata madzi. Ndipo dambo lolimidwa, lodulidwa ndi chigwembe pakati, silingathenso kuimitsa chilichonse. Mboni yapafupi ndi madamu a Kamuzu ku Malingunde, loyamba la 1966 ndi lachiwiri la 1989, amene amamwetsa mzinda wa Lilongwe ndipo amalandira matope chaka chilichonse, mwakuti asilikali adatumizidwapo ku Dzalanyama kukalondera mitengo. Kunsi kwa madamuwo mtsinje umalandiranso zonyansa za mumzinda. Ngakhale moto wolusa wa mu Seputembala ndi Okutobala, wa osaka mbewa ndi ososa minda, uli ndi gawo lake, chifukwa utsi ndi phulusa zimakwera nazo michere ndi kukazigwetsera pa nyanja.

Akatswiri akhala akuiyeza nyanjayi kuyambira 1939, pamene Kate Ricardo Bertram, John Borley ndi Ethelwynn Trewavas adafufuza za usodzi wake, ndi pamene Rosemary Lowe adaphunzira za chambo pakati pa 1945 ndi 1947. Koma kafukufuku amene adayang'anitsitsa mitsinje adachitika m'zaka za m'ma 1990 ku Senga Bay, pansi pa mabungwe a SADC ndi GEF, momwe mudali akatswiri a zamadzi monga Harvey Bootsma ndi Robert Hecky. Iwo adapeza kuti mitsinje yochokera m'madera odzaza anthu ndi minda, Linthipe ali patsogolo, imatula m'nyanja matope ndi michere yochuluka kwambiri kuposa yochokera m'nkhalango, ndi kuti mlengalenga nawo umatulamo gawo lalikulu. M'dzinja madzi ofiira a Linthipe amafalikira mpaka ku zilumba za Maleri, zimene zili gawo la Lake Malawi National Park, ndipo dothilo limaphimba miyala imene nsomba za mbuna zimadyapo ndere, nkutchinganso kuwala. Ntchila, imene idali imodzi mwa nsomba zodzaza makoka m'zaka za m'ma 1950, idasowa; mpasa idaleka kukwera mitsinje yambiri, ndipo Bua ndi umodzi mwa yochepa imene ikuisungabe, makamaka chifukwa chigawo chake cha kunsi chimayenda m'nkhalango yotetezedwa. Maukonde ndi mabiyo otchinga pamathiriro ali ndi mlandu wawo waukulu pa nkhani imeneyi. Koma nsomba yopulumuka ukonde ikapeza timiyala take takwiririka ndi matope, ilibe poikira mazira.

Wina angafunse kuti, ngati michere ndiyo mayi wa nsomba, kuchuluka kwake kungakhale bwanji tsoka? Yankho lake lidaoneka poyera ku Canada mu 1973, pamene David Schindler ndi anzake adadula kanyanja kena pakati ndi chinsalu, nathira nayitrojeni ndi kaboni mbali zonse ziwiri, koma fosifolasi mbali imodzi yokha. Mbali ya fosifolasiyo idasanduka yobiriwira ndi ndere pamene inayo idakhalabe yoyera. Michere ikayamba kuchuluka, nsomba zina zimachuluka ndithu poyamba, ndipo apa ndi pamene anthu amanyengeka. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Muyeso ukapitirira, ndere zabwino zimene tizilombo ndi chambo zimadya zimagonja kwa ndere zina zosadyeka, zina mwa izo zaululu. Zochulukazo zikafa zimamira nkuola, ndipo kuolako kumamaliza mpweya wa m'madzi, kotero kuti dera lopanda mpweya limakwera ndipo malo okhala nsomba amachepa. Madzi akada, nsomba zimene zimazindikirana ndi maonekedwe a thupi posankha mnzake woswana naye zimasokonezeka.

Izi sizolota, pakuti zidagwera abale athu a ku Nyanja ya Victoria. Kumeneko minda ndi mizinda zidachuluka m'mbali mwa nyanja, ndipo pakati pa zaka za m'ma 1960 ndi 1980 ndere zidachuluka, madzi adada, a pansi adataya mpweya, ndipo pamodzi ndi nsomba yolusa ya Nile perch imene anthu adaikamo, zimenezi zidafafaniza mitundu yambiri ya tinsomba ta m'nyanjamo. Pamapeto pa zaka za m'ma 1980 namasupuni adafika napeza chakudya chokonzeka, natseka madooko. Nyanja yathu siinafike pamenepo, ndipo kuya kwake kwaichedwetsa. Koma kuya komweko, pamodzi ndi kuchepa kwa madzi otuluka mu Shire, kukutanthauza kuti ikadzadwala sidzachira m'masiku a ife kapena a adzukulu athu. Mtsinje wa Tinkanena udathera mu Siizi.

Pa zonsezi sindiimba mlandu mlimi wa ku Kabudula amene alima dimba pagombe chifukwa munda wake wa kumtunda sukwana kudyetsa ana ake, pakuti woyamba kuberedwa ndi iyeyo. Thumba la feteleza limene adaligula atagulitsa mbuzi, kapena atagona pamzere masiku angapo, gawo lake limachoka usiku umodzi wa mvula yamkuntho; ndipo chonde chimene agogo ake adachipeza pansi pa mitengo chapita kale kumene sichingabwerere. Chuma chimodzi chimatayika kawiri: kumtunda chisiya njala, kunyanja chifika ngati matenda. Koma m'choonadi chomwechi muli chitonthozo, popeza chimene chipulumutsa munda ndicho chipulumutsa nyanja, ndipo palibe chimene tipempha mlimi chifukwa cha nsomba chimene sichimupindulira iye mwini poyamba. Mzere wa akalozera wolimbitsidwa ndi vetiva, mapesi osiyidwa pansi m'malo motenthedwa, manyowa ogwira nthaka kuti feteleza asathawe, msangu wosiyidwa pakati pa chimanga, nsungwi ndi bango zobwezeredwa pagombe, ndi mtima wa dambo wosiyidwa wosalimidwa: zonsezi n'zodziwika kale m'midzi yathu, ndipo zina mwa izo n'zakale kuposa alangizi.

Chimene mbiri ya malimidwe itiphunzitsa n'chakuti ntchito yotere siyenda ndi chindapusa chochokera kutali. Iyenera kukhala ya mafumu ndi anthu awo, monga momwe nkhalango za kumanda zasungikira popanda msilikali. Ndipo popeza mutu umodzi susenza denga, a mumzinda amene amamwa madzi a Dzalanyama naphikira makala ake, pamodzi ndi a kunyanja amene amadya za m'madzi a Bua ndi Linthipe, ayenera kusenzako mtengo wake, pothandiza midzi ya kumtunda ndi mbande, ndi misika yabwino, ndi njira zina zophikira. Maofesi a zaulimi, a zankhalango, a zamadzi ndi a zausodzi adagawana dzikoli m'mapepala awo, koma mtsinje suwadziwa malire amenewo, ndipo udzafunika kuyang'aniridwa wonse, kuchokera ku gwero kufikira ku mathiriro, ndi anthu odziwa kuti mfumu ya ku Namitete ndi msodzi wa ku Nkhotakota akusunga chuma chimodzi.